Sefa ya Ahedi

Ndinafika kutada. Msewu unandinamiza. Pa mapu unali wowongoka ngati chingwe. Pansi unali maenje ndi matope okhaokha. Mu lole munali madesiki makumi anayi, mphoto ya sukulu yomwe inakhozetsa ana onse pa mayeso a boma zaka zitatu zotsatizana. Bungwe londituma linandipatsa pepala loti mphunzitsi wamkulu asayine. Basi. Ntchito yanga ndi kufika, kutsitsa katundu, kubwerera. Sindikhalitsa pamalo amodzi. Ndinakulira m'tauni, ndipo kukachita zii kwambiri ndimasowa mtendere.

Mlonda wa pasukulupo anandilozera nyumba ndi tochi.

"Ahedi ali umo. Koma muchite odi mwamphamvu. Lero mwatentha."

Sindinamvetse mpaka nditafika pakhonde. Mawu a mzimayi ankatulukira pazenera.

"Ndati mundiyankhe! Mwanayu ndi wathu kapena munamutola pa msonkhano wa aphunzitsi?"

"Tsitsani mawu, mayi. Anthu akumva."

"Amve kumene! Ana awo si omwe mukuwasefawo?"

Ndinachita odi. Mawu anaduka ngati ndazimitsa injini. Panatuluka bambo wamtali, wowonda, magalasi ake omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Atamva za madesiki nkhope inawala. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Adalaivala, mwatipeza! Takhala tikuyang'ana kumsewu chiyambire Lolemba."

Tinapita kukatsitsa. M'kalasi imodzi munkayaka nyale ya sola. Ana anali chete, mitu ili pa makope. Ahedi anawomba m'manja kamodzi, onse n'kuimirira.

"Awa ndiwo asilikali anga a chaka chino. Anzawo akaweruka, awa amatsala. Sagwa awa."

Ananyamula madesikiwo awiriawiri. Ndinawawerenga anawo, chifukwa dalaivala amawerenga chilichonse chokwera ndi chotsika. Makumi awiri ndi awiri. Pa desiki lililonse pamakhala ana awiri.

"Madesiki achuluka," ndinatero.

"Sanachuluke kwenikweni. Kalasi yomalizayi ili ndi ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu."

"Enawo ali kuti?"

"Akukhwima kaye," anatero ahedi, n'kusayina pepala langa atalitsamiritsa pa chitseko cha lole.

Ndinkafuna kugona mu lole momwemo, monga ndimachitira. Anakana kwamtuwagalu. Anati munthu wowabweretsera madesiki sangagone atakumbatira chiwongolero.

Pabalaza panali pothina. Makina osokera pafupi ndi zenera. Pa chingwe chodutsa pakona panalendewera mayunifomu, ena opanda manja, ena opanda mabatani. Pakhoma masatifiketi atatu m'mafelemu. Patebulo mulu wa makope, chidindo, ndi envelopu yakhaki yosamata. Akazi a ahedi anakhala kuseri kwa makina, tepi yoyezera ili m'khosi. Anandilonjera mwaulemu wonse. Maso anali ofiira.

Madzi osamba m'manja anabwera nawo mtsikana wamtali. Ankamuitana Mzime, chifukwa ndiye womaliza kubadwa. Anali akadali mu yunifomu. M'munsi mwa diresi lake munali timizere tiwiri ta nsalu yowonjezera, kena kofwifwa, kena katsopano. Anandithirira madzi, n'kutuluka. Bambo ake sanawayang'ane.

Tinadya mpunga ndi nyemba. Masupuni okha ndiwo ankayankhula. Tiyi atabwera, ahedi anakankhira envelopu ija kwa ine.

"Adalaivala, mawa mudutsa pa ofesi ya maphunziro. Mundisiyireko iyi. Ndi mayina a ana olemba mayeso. Mawa ndiye tsiku lomaliza, isanakwane 12 koloko. Pa njinga ndikanachita kulawirira."

"Palibe vuto."

"Vuto lilipo," anatero mayi aja. "Adalaivala, inu mumayenda, mumaona zambiri. Tiweruzeni."

"Ine ndimadziwa magiya basi, mayi."

"Magiya omwewo. Galimoto ingayende mu giya imodzi zaka zitatu?"

"Mayi, mlendo watopa," anatero ahedi.

"Makutu satopa. Mverani, adalaivala. Pasukulu pano pali sefa. M'buku la boma mulibe, ndi ya bambo awa. Chaka chilichonse, mayina asanapite, amapereka mayeso awoawo. Akachonga amajambula mzere wofiira. Wa pamwamba pa mzere alemba mayeso a boma. Wa pansi abwereze kalasi. Ndiye zotsatira zikatuluka, eee, onse akhoza! M'manja phwaphwa, zithunzi, masatifiketi awo mukuwaonawo. Mzime wagwera pansi pa mzere kachitatu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amakhala kumbuyo kwa tiana tomulekeza m'chiuno."

Ahedi anavula magalasi. Anawapukuta ndi nsonga ya malaya. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati ali kutsogolo kwa bolodi.

"Adalaivala, mwaliona denga la kalasi ija? Nditabwera kuno kunalibe. Ana ankakhala pa njerwa. Mvula ikangoti tho, sukulu yatha. Ndinalemba makalata zaka zinayi. Palibe anayankha. Chaka chomwe tinakhozetsa onse, anabwera okha, ndi makamera. Denga. Chaka chinacho mjigo ndi nyale. Lero madesiki. Anthu opereka zinthuwa safunsa kuti m'kalasi munali angati. Amafunsa kuti mwa olembawo akhoza angati. Masewerawa sindinayambitse ine. Ndangophunzira malamulo ake. Ndikatumiza onse, theka agwa. Bungwe lipita kwina. Tiana ta kalasi yoyamba, mazana awiri, tikuphunzirabe pansi pa mtengo, ndipo atilonjeza buloko ya makalasi chaka chamawa. Makolo awo ndiwauza chiyani?"

Zinali zomveka. Ndicho chinandivuta.

"Mwatha?" anafunsa mayi aja. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pa chala. "Tsopano mumve za kwanga kuno ku makina. Mayunifomu a sukulu yonseyi ndimasoka ndine. Ndimadziwa msinkhu wa mwana aliyense. Osefedwawo, chaka choyamba amabwera kuti ndiwonjezere m'munsi, atalika. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu amabwera kukamada, ndi amayi awo, kuti ndimasule m'chiuno. Mukumva? M'chiuno. Chaka chatha ndinamasula asanu ndi awiri. Anyamata sabwera n'komwe. Mumawapeza pa siteji akuitanira maminibasi. Amenewo pa satifiketi yanu ali pati?"

"Mimba sindipereka ine."

"Simupereka. Mumangotsegula chipata."

"Mayi, mwana wosakonzeka ukamutumiza ku mayeso a boma umamupha mtima. Akalephera amadziona ngati wachabechabe."

"Ndiye mmene alilimu akudziona ngati nduna?"

Ndinatsamwa ndi tiyi. Palibe anandiyang'ana.

"Mzime amachedwa kulemba," anatero ahedi. "Mayankho amawadziwa, sindikana. Koma belu likamalira amakhala ali pakati pa pepala."

"Anamuchedwetsa ndani? Mwanayu anabadwa wamanzere. Munamukwapula ndi lula mpaka pensulo inasamukira kumanja. Lero mukuti amachedwa."

"Nthawi imeneyo tinkaphunzitsidwa choncho."

"Inu nthawi zonse muli ndi amene anakuphunzitsani. Kale anali a koleji, lero ndi a bungwe. Mawa adzakhala adalaivalawa."

"Ine munditulutsemo, mayi," ndinatero.

"Mwalowa kale. Envelopu ili m'manja mwa ndani?"

Ndinaibweza patebulo. Ahedi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola pepala la mayina. Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya.

"Chabwino. Mwandipanikiza pamaso pa mlendo. Pansi apa patsala malo. Ndilemba Mzime, nambala 23. Mmodzi akagwa, tinena kuti anadwala. Koma pakamwa mutseke. Makolo a enawo akamva, andiotchera nyumba."

Mayi aja anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mapewa anatsika. Ndinaona kuti alandira. Ankamenyera ana onse, inde, koma wa m'mimba mwawo anali mmodzi.

"Ababa."

Anali Mzime. Anaima pakhomo lolowera kukhitchini, ketulo ili m'manja. Aka kanali koyamba kumva mawu ake. Anali otsika.

"Nanga mnzanga amene ndimakhala naye? Takhala limodzi zaka zitatu. Pa sefa anandiposa ndi mamalikisi anayi."

"Za ena zisiye."

"Mawa ndikamuuza chiyani? Kuti ine ndakhwima usiku umodzi?"

"Iwe, ukuyankhula ndi bambo ako."

"Kunyumba kuno ndinu ababa. Mzere munajambula muli ahedi. Sindikudziwa amene akundilembayo ndi ati."

"Mzime, khala chete," anatero amayi ake. "Landira kaye, zinazo tiona."

"Amayi, inunso? Si inu munati sefayi ndi yoipa? Kapena ndi yoipa ikagwira ine ndekha?"

Mayi aja anaweramira pa makina. Anayamba kuchotsa ulusi pomwe panalibe ulusi.

"Ukufuna chiyani tsono?" anafunsa ahedi. "Ndakukaniza, ukulira. Ndakupatsa, ukukana."

Mzime anaika ketulo pansi.

"Ndikufuna ndilembe ngati mwana aliyense. Osati mobisa. Kulephera sindikuopa, ababa. Ndikalephera ndidziwa kuti ndalephera, ndiona chochita. Koma pano sindinakhoze, sindinalephere. Ndangokhala. Anzanga amene ndinayamba nawo ali ku sekondale. Akabwera ku tchuthi amandipatsa moni ngati akuzonda wodwala. Funso limodzimodzi la mitsinje mwandifunsa pa sefa yanu zaka zitatu. Ndimalilota. Lembani tonse, apo ayi musandilembe."

Kunja ana a m'kalasi ija ankaweruka. Tinamva mapazi, kuseka, mlonda akuwakalipira kuti atseke mazenera. Ahedi anadikira mpaka phokoso litatha.

"Onse sindingathe," anatero. Sanakalipe. Ananena ngati munthu woulula matenda.

Mayi aja anadzutsa mutu.

"Ndiye tipatseni kalata ya transifa. Akulu anga akuphunzitsa pa sukulu ya kuseri kwa msika, m'tauni. Kumeneko sajambula mizere. Mayina awonso akupita mawa. Tikafika m'mawa amulowetsa."

"Sukulu imene ija? Yogwetsa theka chaka ndi chaka? Pa misonkhano timaiseka."

"Amalembetsa ana mazana awiri. Theka linalo limakhoza. Ndi angati amenewo? Werengani, inu a masamu. Mukatero muwerengenso asilikali anu."

"Anthu ati chiyani? Mwana wa hedi wathawa sukulu ya bambo ake."

"Anena zoona."

Ahedi anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe wachilungamowe. Ukapita kutauniko, mnzakoyo umunyamula?"

Funsolo linamulasa Mzime.

"Ayi," anatero. "Atsala. Koma tikakumana ndimuyang'ana m'maso. Sindinamudumphe pa mzere wanu."

Ahedi anabweza pepala mu envelopu, mayina ali makumi awiri ndi awiri omwe aja. Anamata. Anadinda chidindo pamwamba, mwamphamvu, makapu n'kunjenjemera.

"Kalata sindilemba. Adalaivala, mugone bwino."

Analowa kuchipinda.

Anandiyalira pabalaza, pansi pa mayunifomu aja. Zaka zambiri ndakhala ndikunyamula mphoto. Mabuku, malata, mipira, simenti. Ndimafika anthu akuwomba m'manja, ndimachoka akuwombabe. Sindinafunsepo kuti amene sali pamzere wowomba m'manjawo ali kuti. Si ntchito yanga. Ndinadziuza choncho kawiri, katatu, mpaka tulo tinanditenga.

Ndinadzuka kukungocha. Mame anali mbuu pa galasi la lole. Ndinayang'ana oyilo, madzi, matayala. Mlonda anabwera atafunda bulangeti, n'kundigwirira boneti.

"Munapulumuka dzulo?"

"Pang'ono."

"Chaka ndi chaka nthawi ino m'nyumba zambiri mumatentha. Wanga anasefedwa kawiri. Pano amasenza matumba pa chigayo."

"Simunadandaule?"

"Kwa ndani? Amene anandilemba ntchito ndi omwewo." Anayang'ana denga la kalasi, malata akunyezimira. "Komatu denga ndi labwino. Ine ndinkaphunzira ndikunyowa."

Mayi aja anatulukira atavala za paulendo. Kumbuyo kwawo Mzime, chikwama cha makope kumsana, jumbo ya zovala m'manja. Yunifomu anali ataivula.

"Adalaivala, kutsogoloko mukwana atatu?"

"Mukwana. Koma popanda kalata akakulandirani?"

"Tikagwada. Maondo ndili nawo."

Anakwera. Ndinaliza injini. Pamenepo chitseko cha nyumba chinatseguka. Ahedi anabwera ali mu vesiti, ndevu zosameta, mapazi ali m'masilipasi a akazi awo. M'manja munali maenvelopu awiri. Yakhaki ija anandipatsa ine. Ina yaing'ono, yoyera, anaipereka pazenera kwa Mzime. Sananene kuti muli chiyani.

"Mubwera liti?" anafunsa akazi awo.

"Akamulemba."

"Akapanda kumulemba?"

"Ndiye muziphika nokha mpaka chaka chamawa."

Ahedi anagwedeza mutu. Anagwira chitseko cha lole ngati akufuna kuchitsegula. Anayang'ana mwana wawo.

"Uziyamba ndi mafunso amene ukuwadziwa," anatero. "Ovutawo uzisiya kumapeto. Usamafufute kwambiri, nthawi imathera pamenepo."

"Ndamva, ababa."

"Adalaivala, pa mlatho paja muyende pang'onopang'ono. Matabwa a kumanzere anawola."

Mlonda anatsegula geti. Pa galasi la m'mbali ndinawaona ahedi ataima pakati pa bwalo, manja ali kumbuyo. Kenako fumbi linawaphimba.

Mumsewu tinakumana ndi ana olawirira, matsache m'manja. Aang'ono ankathamangira lole, akukuwa. Akuluakulu ankayenda paokha kumbuyo, osathamanga. Mtsikana wina wamtali anaima m'mbali mwa msewu kuti tidutse. Mzime anakweza dzanja. Mtsikanayo anayang'ana jumbo ya zovala ili pamiyendo pake. Sanakweze lake. Mzime anatembenuka, kumuyang'anabe mpaka tinakhota.

Tinawoloka mlatho. Matabwa a kumanzere analidi owola. Kenako tinafika pa msewu wouma.

"Tsegula," anatero amayi ake. "Mwina atilembera chitonzo, tidziwiretu."

Mzime anang'amba envelopu ija m'mbali. Munali pepala limodzi, lolembedwa pamanja, zilembo zoima bwino ngati za pa bolodi. Anawerenga mokweza, lole ikumugwedeza mawu.

"Kwa mphunzitsi wamkulu. Mwana uyu wakhala pa sukulu yathu zaka khumi. Khalidwe lake ndi labwino. Sajomba. Ndi wakhama, ndipo amamva msanga. Ndikutsimikiza kuti ndi wokonzeka kulemba mayeso a boma chaka chino. Chonde mulandireni."

Pansi panali siginecha ndi chidindo.

Mayi aja anaseka, kuseka kosaonetsa mano.

"Wokonzeka! Dzulo lomweli unali wosakhwima."

"Ankadziwa kalekale, amayi," anatero Mzime. "Amangofuna kuti ndikagwa, ndikagwere pa dzina la sukulu ina."

"Usanene choncho. Ndi bambo ako."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake alemba."

Anawerenganso chamumtima, chala chikutsata mzere uliwonse. Anaipinda kalatayo bwinobwino, mosamala kuti chidindo chisathyoke pakati. Anaiika m'kope la masamu. Kope analikumbatira pachifuwa.

Nyumba za m'tauni zinayamba kuoneka. Wotchi inali itangodutsa 9 koloko. Kutsogolo kunali mphambano. Kumanja ku ofesi ya maphunziro, kumanzere kumsika.

"Adalaivala," anatero Mzime, "muyambe mwatisiya ife. Envelopu yanuyo ilibe changu. Amene ali m'menemo anakhoza kale."

Ndinakhotera kumsika.